Madontho Atatu a Amanjenje

Inu amene mukuona ngati zanu zada, khalani kaye pansi mumve za mayi wina amene anachotsedwa ntchito yosesa ali ndi zaka 58. Ntchito yosesa, abale! Munthu akakulanda tsache, ungalowerenso kuti?

Linali Lachiwiri m'mawa. Mlonda anawaperekeza mpaka pageti atawanyamulira jumbo momwe munali kapu ndi masilipasi awo. Kumaso sanawayang'ane. Ankangoti, "Pepani mayi, ine ndangotumidwa."

Pantchitopo ankawatchula Amanjenje, chifukwa dzanja lawo lamanja linkanjenjemera ngakhale ataligoneka pamwendo. Dzinalo linali lachipongwe, koma iwo ankavomera. Anzawo osesa sankadziwa kuti dzanja lomwelo, lisanayambe kudwala, linajambula zithunzi za m'mabuku a sukulu kwa zaka makumi awiri. Mizu ya nyemba, mpope wa madzi ataudula pakati, khutu, mapapo, zonsezo. Kampani yosindikiza mabukuyo itagwa, makatoni ake onse anawapereka ku nyumba yosungira zolemba zakale, ndipo patapita zaka mayiwa anakapeza ntchito yokolopa komweko. Za kujambula sanauze munthu, ankachita manyazi.

Nyumba imeneyo ili ndi lamulo loti ngakhale mphemvu za mmenemo zimalidziwa. Bolopeni sulowa nayo, ndipo pepala lakale sulilembapo kanthu. Chimene chinalakwika kalekale chimasungidwa cholakwika chomwecho.

Tsiku lina akupukuta fumbi m'chipinda chapansi, anapeza fayilo ili yotsegula patebulo. Pamwamba panali chithunzi cha mtima wa munthu, cha inki yakuda. Anachizindikira nthawi yomweyo. Anaonanso muvi umodzi, mwa mivi yosonyeza kumene magazi akupita, ukuloza kolakwika. Anaulakwitsa ndi iwo akadali mtsikana, buku n'kusindikizidwa choncho, ndipo mphunzitsi wina analemba kalata yowanyoza kuti akuphunzitsa ana magazi oyenda chobwerera. Zaka zonsezi muvi umenewo unkawadya.

Wojambula akaona mzere wolakwika, dzanja limamuyabwa. M'thumba la yunifolomu munali bolopeni yosainira pageti. Anati angokonza pang'ono chabe. Koma dzanja la lero silinali lakale lija. Linagwedezeka, mzere n'kuthawa, kudutsa pakati pa mtimawo mpaka m'mphepete mwa pepala. Atayesa kufufuta ndi chala, inki inangofalikira.

Mkulu wa nyumbayo, mayi wa magalasi wosadziwa kuseka, anawapeza ali chiimire.

"Mwachita chiyani apa?"

"Ndimakonza, bwana. Chithunzichi ndinajambula ndine."

Abwanawo anayang'ana dzanja lonjenjemeralo, anayang'ana mopu, kenako analoza pachikuto cha fayilo pomwe panalembedwa kuti: wojambula sakudziwika.

"Mayi, mukanangopepesa. Bodza lanuli likundipsetsa mtima kuposa inkiyi."

Umboni analibe. Kampani ija inkalemba dzina la wolemba buku pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu, koma la wojambula, zii!

Kunyumba ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, wogulitsa zovala pamsika, m'kachipinda kamodzi ka lendi. Mwanayo atamva anangogwira pakamwa.

"Amayi, inunso! Muvi wa papepala ukanabaya ndani? Tsopano tidya chiyani?"

Masabata atatu sanatuluke panja. Ankagona choyang'ana kukhoma, akuonda tsiku ndi tsiku. Nthawi zina ankaligwira dzanja lija n'kulilankhula kuti, "Iwe, wandipha kawiri." Njala inkawawa, inde, koma chimene chinkawabaya kwenikweni ndi kutchulidwa abodza pa ntchito ya manja awo. Moyo wawo wonse unali m'makatoni aja wopanda dzina, iwo atathamangitsidwako ngati galu. Mwana wawo anawamva tsiku lina akupemphera kuti, "Ambuye, ngati zanga zatha pansi pano, ingonditengani."

Sabata lachinayi anadzuka, anasamba, anavala diresi ya kutchalitchi, ulendo wapansi mpaka pageti paja.

"Mayi, mundichotsetsa ntchito," anatero mlonda.

"Sindinabwere kudzasesa, achimwene. Ndabwera kudzawerenga. Alipo amaletsedwa?"

Panalibe. Chipinda chowerengera chinali cha aliyense. Anawasecha ngati wakuba, anawapatsa pensulo, n'kuwakhazika patebulo loyandikana ndi kalaliki kuti diso lisawachoke. Anzawo akale ankakolopa mozungulira mapazi awo akunong'onezana, "Apulofesa afika, sunthani ndowa."

Iwo ankaitanitsa katoni imodzi patsiku. M'kope lawo ankalemba chithunzi chilichonse, buku lake ndi amene anachijambula, dzanja lamanzere litagwira lamanja kuti lisathawe. Tsamba limodzi linkawatengera ola lathunthu. Katatu konse anatumiza mndandanda wawo ku ofesi ya abwana, yankho osabwera. Ulendo wachitatu anauona mndandandawo patebulo la kalaliki, atayikapo kapu ya tiyi.

Ine zimenezi zimandikwiyitsa mpaka lero. Munthu wamkulu, msinkhu wa amayi ako, walemba ndi ululu wotere, iwe n'kumayikapo kapu?

Miyezi isanu inatha choncho. Nsapato zinabooka. Mvula inkawapeza panjira, kope alibisa m'khwapa. Mwana wawo anafika potopa.

"Amayi, anthu akuti mwazungulira mutu. Bwerani muzindilonderako zovala pamsika."

"Chabwino mwanawe," anayankha motsitsa mawu. "Lachisanu ndikatsanzike."

Anali atagonja ndithu. Pamene ankanyamuka Lachisanulo, sankayembekezera kanthu.

Atalowa, anapeza makatoni anayi ataunjikidwa m'khonde, abwana ali pomwepo kulamula. Munali zithunzi zokhazokha zomwe zinasiyana ndi zolemba zake pa nthawi yosamutsa katundu wa kampani ija. Palibe ankadziwa kuti chiti n'cha buku liti, malo pamashelefu anali atatha, ndiye zinkapita kotayidwa.

"Zimenezo musataye," anatero Amanjenje.

"Mayi, takulekererani mokwanira."

"Sindikhudza kanthu, bwana. Manja ndaika kumbuyo, onani. Ingotolani chimodzi inuyo."

Mwina pofuna kuwachititsa manyazi komaliza, abwanawo anatola chimodzi n'kuchikweza m'mwamba.

"Imeneyo ndi impso," anatero Amanjenje. "Musanatembenuze, ndikuuzeni zili kuseri. Muli pensulo ya buluu. S 6, kamzere, 61, kenako madontho atatu."

Abwana anatembenuza. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Zinali momwemo.

"Ife timayesa ana ankangokhwatchakhwatcha," anatero kalaliki.

"Ana ake ati? Tinalipo ojambula asanu ndi awiri. Poti maina athu ankawakana kutsogolo, tinkadzilemba kuseri. Chilembo ndi nambala yoyamba ndi buku, sayansi kalasi yachisanu ndi chimodzi. Nambala inayo ndi tsamba. Chakumapetocho ndi mwini dzanja. Wina ankaika kamtanda, wina kanyenyezi. Madontho atatu ndine."

Abwana anatuma kalaliki kukatenga zolemba za bukulo, zotayipidwa pamakina akale. Pa tsamba 61 panali malo osiyidwa opanda kanthu. Ataikapo impso ija inakwana ndendende. Anayesa chachiwiri, chachitatu, mpaka chakhumi, osaphonya ndi chimodzi chomwe. Osesa aja ankangoonerera atatsamira mamopu awo.

"Mayi," anatero abwana, "ndinakutchulani abodza."

"Munatero."

"Pepani. Lolemba mubwere. Mopu musiyire ena."

Musaganize kuti zonse zinakoma. Dzanja silinachire, ndipo sanajambulenso kanthu moyo wawo wonse. Mwa anzawo asanu ndi mmodzi aja, asanu anali atamwalira kale, ena ali amphawi otheratu, osadziwa kuti dzina lawo lidzalembedwa penapake. Wotsalayo anali atasiya kuona. Nthawi zambiri Amanjenje akatembenuza pepala n'kupeza kanyenyezi, ankayamba apukuta misozi asanatchule dzina. Ntchitoyo inatenga zaka ziwiri, iwo akutchula, kalaliki yemwe uja akulemba pa kompyuta.

Itatha, mwana wawo anatseka benchi yake tsiku lina masana n'kupita kukaona chimene chinkawachedwetsa amayi ake. Kalaliki anamuyalira mafayilo patebulo lonse, ena n'kusefukira pampando, lililonse lili ndi dzina la amayi ake pachikuto. Mwanayo ankadziwa kuti amayi ake ankagwira ku kampani ya mabuku, basi. Anatsegula fayilo imodzi n'kuima njo.

"Diso ili! Amayi, diso ili linandikwapulitsa m'kalasi. Aphunzitsi anati tikopere, ine kukanika."

"Ndikukumbuka. Unalijambula ngati dzira lophwanyika."

"Ndiye inu osandiuza kuti ndi lanu?"

"Ukanakhulupirira?"

Mwanayo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, mpaka anagwada pansi n'kubisa nkhope pamiyendo ya amayi ake, m'chipinda choti anthu amaletsedwa ngakhale kutsokomola. Palibe anamuletsa.

Tsono inu amene mwakhala pakhonde lero muli ndwii, mwachotsedwa ntchito, mwanamiziridwa, thupi lakukanani, ndikudziwa kuti mawu okoma sadyedwa. Mayiwa analakwitsa zenizeni, ndipo analira mpaka misozi kuuma. Koma anasamba, anavala, n'kubwerera pakhomo pomwe anawanyozapo, miyezi isanu yathunthu. Chimene mumachidziwa inu nokha chilipo, ndipo palibe angachinene m'malo mwanu. Lirani ndithu, koma mukatha dzukani mupite. Mtima wanuwo musautaye.