Bowo la Pachifuwa cha Jekete

Fungo la mankhwala a njenjete m'sitolo ina ku Woolwich landikumbutsa Mayi Nora, nkhalamba ya ku Ireland imene amayi anga ankaisamalira ine ndili mwana. Tsiku lina anatisonyeza jekete lonunkha mankhwala omwewo, lobooka pachifuwa. Ndinapisa chala pabowopo n'kuseka.

"Agogo, kwanu kuli makoswe aakulutu!"

Amayi ananditsina.

"Ndi chipolopolo, mwanangu," anatero Mayi Nora. "Bambo anga anali msilikali, anaphedwa pankhondo yapachiweniweni. Mayi anga anapita nalo kukapempha penshoni, koma a kuofesi anati akufuna mapepala, osati nsanza."

Mayi Nora analipinda jeketelo. Mpaka lero manyazi amandigwira. A kuofesi aja anangokana kuliyang'ana bowolo, koma ine ndinaliyang'ana n'kuseka.