Lamba ndi Mano a Kathalakitala ka Atate

Kathalakitala kanafika kwathu ku Zemba pa ngolo ya ng'ombe, katamangidwa ndi zingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Atate anakagula kwa bambo wina wa kukhonsolo amene anapuma pantchito n'kumabwerera kwawo. Sikanali kokwerapo ayi. Kanali ka mawilo awiri ndi zogwirira ziwiri ngati za wilibala, ndipo munthu ankayenda pambuyo pake, iko kakutakasa nthaka ndi mano achitsulo ozungulira. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikukhala kuboma ku Chadiza komwe ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, pamsika, koma tsikulo ndinalongedza zovala dzuwa lili pamutu n'kupalasa njinga kupita kumudzi kuti ndikakaone ndi maso anga.

Kanagwira ntchito bwino kudimba kwa zaka zingapo. Atate, amene moyo wawo wonse anali wa khasu, ankayenda pambuyo pake akuimba nyimbo za kutchalitchi zomwe palibe ankazimva chifukwa cha phokoso la injini. Kenaka zinthu zinayamba kutha chimodzichimodzi. Mano anaperepeseka mpaka ankangokanda pamwamba. Chingwe cholizira injini chinalowa m'kati osabwereranso. Pomaliza lamba wa injini anaduka, ndipo kanakankhidwira m'shedi momwe timasungira thonje.

Chaka chomwecho atate anadwala matenda ofa ziwalo. Anachira, n'kuyambanso kuyenda, koma dzanja lamanja linatsala lofooka ndi lonjenjemera. Anasiya kuimba. Amayi ankati kathalakitalako kagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, poti kakungodya malo. Atate anakasungabe.

Lamulungu lina titatha kukumba mtedza, ndinapita kukawaona, ndipo anandiitanira kushedi. Pathumba loyala pansi anali atandandalika lamba wodukayo, pulagi ya injini yakuda bii, ndi dzino limodzi lachitsulo. Zonsezo anamasula okha ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, amayi osadziwa.

"Iwe mwana wanga, umapita ku Chipata kukaoda zovala," anatero. "Zitsulo nazonso amagulitsa komweko."

Alongo anga onse ali kutali, kumigodi, ndiye woti n'kumutuma ndinali ine ndekha. Koma sindinamve ngati ndasenzetsedwa katundu. Mtima unangoti phwii kukondwa. Ndili mtsikana ndinkakonda kumata machubu ndi kumanga tcheni cha njinga, ndipo anthu ankandiseka kuti ndidzakwatiwa ndi sipanala. Pobwerera kuboma madzulo amenewo ndinapalasa ngati ndikuthamangitsidwa, zitsulo zikulira m'chikwama.

Amuna anga ndi aphunzitsi, munthu wofatsa amene sagwira ngakhale nyundo. Atamva nkhaniyi anaseka, n'kunena kuti kunyumba kwathu kwabwera makaniko. Komabe m'mawa wa ulendo anandiperekeza kokwerera minibasi atanyamula chikwamacho okha.

M'minibasi dzino lija linaboola chikwama n'kubaya ntchafu ya mayi amene ndinakhala naye pampando. Mayiyo analumpha poganiza kuti ndanyamula mpeni. Nditalitulutsa kuti ndipepese, minibasi yonse inafuna kuliona, ndipo linayenda m'manja kuchokera kumbuyo mpaka kwa dalaivala. Wina anati n'la chigayo, wina anati n'la sitima. Tinafika ku Chipata anthu akukanganabe.

Zovala ndinaoda mothamanga, belo n'kulisiya kwa mnzanga, kenaka ndinalowa m'mashopu a masipeya. Ndinali ndisanalowemo chibadwire. Fungo la labala ndi girisi, timabokosi mpaka kudenga, mabawuti m'mabeseni ngati nyemba, zonsezo zinandizunguza mutu mokoma. Vuto linali lakuti sindinkadziwa mayina. Ogulitsa ankandifunsa nambala ya lamba, ine n'kumangowaonetsa chidutswa chija. Anandiuza kuti nambala imalembedwa pamsana pa lamba, koma pa wathuyo inali itafufutika kalekale. Bambo wina anayerekeza ndi maso n'kundipatsa lamba wa galimoto, akuti ndi yemweyo.

Ndinapita naye kumudzi ndikunyadira. Atate anamuzunguliza m'manja, anamukoloweka pa mawilo aang'ono oyendetsa lamba, ndipo analendewera ngati mkanda wa mwana pakhosi pa nkhuku. Anali wamtali, komanso wowonda. Ndinamva manyazi ndi ukali pamodzi. Atate sanadandaule. Anatenga chingwe cha thumba la fetereza, anandiuza kuti ndichizungulize pomwe pamadutsa lamba, ndikoke bwinobwino, ndimange mfundo pokumana nsonga. Anadulanso kamtengo kolowa ndendende mumpata wa wilo kuti kasonyeze kunenepa kwa lamba wofunikayo.

Ulendo wachiwiri chingwecho ndinachimanga m'chiuno pansi pa chitenje kuti chisatayike. Nthawi imeneyi ndinasiya mashopu a zagalimoto n'kufunsa komwe amagulitsa zida za zigayo ndi mapampu a madzi. Anandilozera kashopu kena kuseri kwa msika. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, wovala magalasi ndi ovololo yabuluu. Nditamasula chingwe m'chiuno anaseka mpaka kugwira tebulo, koma anati muyeso wotero ndi umene amaukhulupirira kuposa pakamwa pa munthu.

Malamba anali atapachikidwa pamisomali kudenga. Mayiyo ankawatsitsa ndi ndodo yokhala ndi ngowe, kuyeza ndi chingwe changa, n'kubwezera. Anatsitsa ambiri ndithu, ine mtima uli m'mwamba. Kenaka anatsitsa wina wakuda wonenepa, anamutambasula pamodzi ndi chingwe pa zala zake zazikulu, ndipo zinathera pamodzi. Kamtengo kaja nakonso kanagwirizana. Ndinaomba m'manja m'shopu ya eni ngati ndili kuchinkhoswe.

Tinacheza nthawi yaitali. Anandipezera pulagi, chingwe chatsopano cholizira, ndi sipuling'i yopyapyala yopindidwa ngati nkhata, imene imabweza chingwecho m'kati. Anandichenjeza kuti sipuling'iyo ndi yamwano, ikapulumuka m'manja imauluka. Anandifunsa kuti injiniyo yakhala nthawi yaitali bwanji osalira, ndipo nditamuuza, anatenga kabuleta yakale n'kundionetsa timabowo tomwe petulo wokhalitsa amatseka, ndi momwe ndingatitsukire. Za mano okha anapukusa mutu. Anati mtundu umenewo ngwoitanitsa ku Lusaka, ndipo ukhoza kufika mvula itagwa kale.

"Koma musataye mtima, amayi," anatero. "Pezani sipuling'i yakale ya galimoto, zija zazitali zapansi. Chitsulo chake n'cholimba. Wowotcherera wanzeru akhoza kukusulirani mano."

Apa ndi pamene amuna anga anandidabwitsa. Patangopita masiku ochepa anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, atamanga chitsulo chachitali panjinga, choko chidakali m'manja. Anachipempha kwa mnzawo wa kutchalitchi amene galimoto yake inafera pabwalo. Tinapita nacho kwa bambo wowotcherera pafupi ndi msika, amene amapanga mafelemu a zitseko ndi mbaula. Bamboyo analiyang'ana dzino lakale lija, anafunsa kuti likakhala latsopano limatalika kufika pati, ndipo anavomera kuti ayesa, ngakhale anali asanapangepo.

Sabata imeneyo malonda anga anayenda mwa apo ndi apo. Ndinkangomva chopukusira chikulira, basi ndasiya zovala m'manja mwa mnzanga wa benchi loyandikana, ndathamangira kukaona. Bamboyo ankadula chitsulo, kuchiotcha pamakala mpaka kufiira, kuchipinda ndi nyundo, kenaka kuboola mabowo a mabawuti. Dzino loyamba linapindika mopitirira ndipo analitaya. Lachiwiri linafanana ndi lakale ngati mwana ndi make. Ndinaliika m'thumba la epuloni n'kumaligwiragwira tsiku lonse uku ndikugulitsa masiketi.

Loweruka la ntchito ndinanyamuka m'mamawa kuli chisanu, katundu yense kumbuyo kwa njinga, nditavala buluku lakale la amuna anga pansi pa chitenje. Ndinapeza atate atatulutsa kale kathalakitala pabwalo mothandizidwa ndi amayi, amene ankang'ung'udza koma anali atasesa malowo n'kuyala mphasa yoikapo zitsulo. Atate anakhala pampando ndi ndodo yawo, n'kumaloza. Manja anali anga, maso anali awo.

Tinayamba ndi mano. Mabawuti akale anali atagwira dzimbiri, ndipo ena anamasuka nditachita kuponda sipanala ndi phazi. Kabuleta ndinaitsukira m'mbale yakale, n'kumapemerera m'timabowo mpaka milomo kuwawa petulo. Atate anandikumbutsa moseka kuti kutchalitchi kwathu kuboma timapempherera chilichonse mokweza, koma kabuleta imafuna kutsukidwa basi. Lamba analowa mothina bwino, ndipo nditamudina ndi chala anabwerera ngati chingwe cha gitala.

Sipuling'i ija inachitadi mwano. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza kuipinda m'malo mwake pamene inangoti pyoo, kudutsa pamwamba pa mutu wa atate. Tinaifunafuna pabwalo ponse, mpaka amayi anaipeza mu ufa umene anayanika kuseri kwa nkhokwe. Anabwera nayo yoyera mbuu, ataigwira ndi zala ziwiri ngati njoka yakufa. Kachiwiri ndinaipinda nditaipanikiza ndi bondo, ndipo inagonja.

Tinakankhira kathalakitala kudimba dzuwa litapendeka pang'ono. Anthu a m'madimba oyandikana anasiya zothirira n'kubwera kudzaima m'mbali mwa mpanda. Ndinathira petulo, ndinakoka chingwe, zii. Ndinakokanso mpaka phewa kuwawa. Injini inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Atate anandiuza kuti ndisunthe kachitsulo kena kapambali pa kabuleta, ndikokenso ndi mphamvu zonse. Ndinakoka, ndipo inabangula, utsi wabuluu uli tolotolo. Amayi ena kumpanda anayamba nthungululu.

M'chisangalalo chimenecho ndinagwira zogwirira n'kukankha chitsulo cholumikizira mano ndisanachepetse moto. Kathalakitala kanadumpha ngati tonde womasulidwa. Kanandikoka kudutsa mzere woyamba, kanakhota kokha, n'kulunjika pa nazale ya repu ya amayi. Ndinkathamanga pambuyo pake miyendo ili m'mwamba, dothi likundiwaza kumaso, chitenje chitatsala pa chitsa.

"Bweza chitsulo chakumanzere!" atate anakuwa. "Chakumanzere, mwana iwe!"

Ndinachipeza titalowa kale m'mizimbe. Mano anaima, injini n'kumangolira pang'onopang'ono ngati palibe chimene yalakwa. Ndinacheuka ndikupuma wefuwefu. Atate anali atagwira mpanda ndi dzanja lawo labwino, akuseka mpaka misozi kutsika m'masaya. Chidwalireni ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho. Amayi anaima pa nazale yawo yophwasuka manja ali m'chiuno, ananena mawu angapo okhudza ana osamva ndi makolo awo, kenaka nawonso anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka.

Mzere umene ndinadutsa unali wokhotakhota ngati njira ya woledzera, koma nthaka yake inali yofewa, yakuda, yoti dzanja linkalowa mpaka m'chigongono. Atate anagwada movutikira, anatapa dothi n'kulifikisa kumphuno. Atadzuka anandiuza kuti ndigwire chogwirira chakumanja, iwo agwire chakumanzere. Tinayenda choncho phewa ndi phewa, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto kwa dimba ndi kubwerera. Dzino limodzi linathyoka pamwala tisanamalize, koma tinapitiriza ndi otsalawo, ndipo Lolemba bambo wowotcherera anasula lina, n'kusintha kaziziritsidwe ka chitsulo kuti lisakhale lophweka kuthyoka.

Chaka chimenecho tinaoka kabichi ndi anyezi anzathu akadali kugaula ndi makasu. Nkhani inamveka mpaka ku Zingalume, ndipo anthu anayamba kundipeza pamsika. Wina ankafuna kamlomo ka mpope wopoperera thonje, wina labala ya pampu ya madzi, wina ulusi wa makina otchetchera udzu. Poyamba ndinkangowagulira ndikapita kukaoda. Kenaka ndinakhoma misomali pa nsanamira ya benchi langa n'kupachikapo malamba, mapulagi ndi zingwe zolizira, ndipo mayi wa ku Chipata uja ndi amene amandiuza zoyenera kutenga nyengo iliyonse.

Zovala ndimagulitsabe. Chovuta n'chakuti makasitomala anayamba kudandaula kuti akupeza zidindo za zala pa malaya oyera. Tsopano pansi pa benchi pamakhala beseni la madzi ndi sopo, ndipo munthu akafuna shati nditangotha kugwira kabuleta ya wina, ndimamupempha kuti adikire kaye ndisambe m'manja.