Chimene Chinathawitsa Agogo a Aphunzitsi

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Chifunde, titakhala zaka zingapo ku Zambia kufupi ndi malire. Kumeneko tinkakhala pamalo a bambo wina wopuma pantchito yauphunzitsi, wamtali, wokonda kucheza, amene anatibwereka munda ndi nyumba yomwe kale ankasungiramo fodya. Ine ndinkangowatchula kuti aphunzitsi, monga ankachitira aliyense m'mudzimo.

Kawirikawiri ankandiuza kuti nawonso kwawo kwenikweni ndi ku Mozambique. Agogo awo, atate a atate awo, anachokera cha ku Mualadzi nthawi ya Apwitikizi. Banja lonse linkadziwa kuti agogowo anamenya msupayi, wapolisi wa Apwitikizi, amene anabwera kudzagwira anthu a chibalo, n'kuthawa osabwereranso. Aphunzitsi ankaifotokoza nkhaniyi ataimirira, akuonetsa mmene chibakeracho chinagwera.

Titakolola chimanga chathu choyamba chibwerereni, tsiku lina ndinangowaona akutsika panjinga pakhomo panga, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali atadzera pachipata cha malire cha Cassacatiza.

“Achimwene,” anatero atamwa madzi, “inu munabwerera kwanu. Tsopano ndiperekezeni kwathu.”

Mkazi wanga anatikazingira nsawawa, m'mawa mwake tinanyamuka. Masiku amenewo munthu sunkapatuka pamsewu mwachisawawa poopa mabomba okwirira, choncho tinkangotsata mmene mwapondedwa kale. Aphunzitsi ankadziwa zinthu zochepa: dzina la agogo awo, mfunda wawo, ndiponso kuti mudziwo unali pafupi ndi mtsinje. Koma anthu a mfunda umenewo ali paliponse, ndipo palibe mudzi wotalikirana ndi mtsinje.

Vuto lina linali loti aliyense anali atangobwera kumene. Ena anachokera ku Malawi, ena ku Zambia, ndipo ambiri anamanga pamalo atsopano. Tikafunsa, ankatitumiza kwa wina, winayo n'kutitumizanso kwina. Komabe palibe amene ankatilola kudutsa chimanjamanja. Apa mbatata, apo nzimbe. Aphunzitsi, pofuna kuyamika, ankabwereza nkhani ya msupayi pakhomo lililonse, ndipo ndinaona kuti msupayiyo ankanka natalika tikamayandikira Mualadzi.

Amene anatithandiza anali mayi wina amene tinamupeza akuchapa pamtsinje. Dzinalo sanalidziwe, koma anawayang'anitsitsa aphunzitsi mpaka iwo anachita manyazi.

“Pepani abambo,” anatero mayiyo, “koma makutu anuwa ndinawaonapo. Pitani kutsidyaku, mukafunse mdala woluka nkhokwe.”

Apa ndinene kuti makutu a aphunzitsi anali aakulu ndithu, otambasuka ngati masamba a koko. Ana a sukulu ankawadziwira patali.

Mdala uja tinamupeza atakhala pansi pakati pa nsungwi zong'amba. Atadzutsa mutu, ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa makutu anali omwewo. Tinapereka moni, tinakhala, aphunzitsi n'kutchula dzina lija.

Mdalayo anaika mpeni pansi. “Amenewo ndi amalume anga. Mlongo wawo wa amayi anga. Inu mukuwadziwa bwanji?”

“Ndine mdzukulu wawo.”

“Ndiye kuti anakwatira kumene anathawirako?”

“Anakwatira, anabereka, anafera komweko atakalamba.”

Mdalayo anaitana akazi awo ndi ana awo kuti adzaone mlendo. Anthu atadzaza pabwalo, aphunzitsi anaimirira n'kuyamba nkhani ya msupayi. Anaikamba bwino kuposa kale lonse. Atamaliza, mdalayo anakanda m'mutu.

“Msupayi uti?”

“Amene agogo anamumenya.”

“Amalume sanamenye munthu. Amayi ankati ngakhale nkhuku ankachita kupempha wina kuti awaphere.”

Ndiye anatifotokozera zimene anamva kwa amayi awo. Amalumewo anali atangolowa chikamwini m'mudzi woyandikana nawo. Tsiku lina nthawi ya chilimwe anayatsa tchire kuti asake mbewa. Mphepo inatembenuka, moto unalowa m'mudzi n'kunyeketsa nkhokwe ya apongozi awo, chimanga chili chodzaza. Munthu sanapse. Koma mkamwiniyo ataona utsi ukukwera pakhomo pa apongozi, anataya khasu n'kulunjika kumpoto.

Akazi a mdalayo anayamba kuseka, ana n'kutsatira. Aphunzitsi anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Ndinawamvera chisoni, poti nkhani ya msupayiyo anali ataiuza ana a sukulu kwa zaka zambiri.

“Mbewa,” anatero motsitsa mawu. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. “Nanga ndikawauza chiyani ana kunyumba?”

“Mukawauze zonse ziwiri,” anayankha mdalayo. “Asupayi oyenera kumenyedwa analipo ambiri. Mwina amalume anakumana naye wina panjira.”

Dzuwa litapendeka anatitengera kumanda kumene kunagona amayi awo. Tchire linali litamera kwambiri zaka za nkhondo, koma mdalayo anapadziwa chifukwa cha mtengo wa muwanga umene unali kumutu. Anatiuza kuti amayiwo, mpaka ukalamba wawo, ankafunsa aliyense wochokera kumpoto ngati anamuonako mlongo wawo. Ankati abale anali atasonkha chimanga chaka chomwecho n'kubwezera apongozi aja, mlandu n'kutha, koma panalibe womutumira mawu kuti abwerere.

Aphunzitsi anagwada, n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Tonse tinawathandiza. Atatha anayankhula molunjika pamandapo ngati akuyankhula ndi munthu wamoyo. Anatchula ana onse a agogo awo, adzukulu, ndi kumene aliyense akukhala. Anatenga nthawi, chifukwa mbumbayo inali yaikulu.

Ine ndinabwerera ndekha mawa lake, poti aphunzitsi anakanizidwa kuchoka. Anakhala kumeneko mpaka mwezi unatha. Chaka chotsatira anabweranso ndi ana awo awiri ndi mbewu ya chimanga ya ku Zambia, ndipo mdala uja anawapatsa munda m'mphepete mwa mtsinje. Mwana wamkazi wa aphunzitsi anakonda malowo, anakwatiwa komweko, ndipo mpaka lero amagulitsa tomato pamsika wa Mualadzi. Ndikadutsa amandipatsa mpando, ndipo salola kuti ndichoke ndisanamwe thobwa.