Chithunzi cha bere langa chikumakalamba ndisanalowe ku fiyeta

Kawiri konse andijambula bere. Kawiri konse andibweza pakhomo la fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Chifukwa chake? Akuti chithunzi chakalamba. Ndakwiya, ndatopa, ndipo ndisakunamizeni, ndili ndi mantha.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 4 kuno ku Nsaru. Bere langa lakumanzere linayamba kulimba mbali imodzi, koma popanda chotupa. Pachipatala chathu chaching'ono anagwiragwira, nati palibe kanthu, ndikathowe ndi madzi otentha. Ndinathowa miyezi inayi.

Mtauni ndiye anadula kanyama n'kukapima. Khansa. Dokotala wa opaleshoni, mayi waulemu wake, anandifotokozera kuti mtundu wangawu suundana malo amodzi, umayanga pansi ngati kapinga. Dzanja siliupeza, ekisileyi nayo imauphonya. Anati sangadule mwachimbulimbuli. Pafunika sikani ya makina aakulu olowamo munthu yense, kuti adziwe ngati achotse mbali kapena bere lonse, komanso ngati linzakelo lili bwino. Anatsindika kuti chithunzicho chisagone.

Makinawo ali kuchipatala cholipira. Bambo a kunyumba anagulitsa nkhumba ziwiri. Ndinajambulitsa Lachisanu, 10 koloko m'mawa, anandipatsa chimbale. Wowerenga chimbale amapezeka Lachitatu lokha. Sabata yoyamba anali ku wekishopu. Sabata yotsatira kompyuta inakana kutsegula. Lipoti linatuluka patatha masabata asanu.

Ndinathamanga nalo kwa kalaliki wolemba masiku a opaleshoni. Sanadzutse n'komwe mutu. Anandipatsa tsiku la miyezi itatu kutsogolo. Nditamuuza mawu a dokotala, anati iye amatsata mzere basi, zithunzi si dipatimenti yake. Kodi bere ndi chithunzi chake zili m'madipatimenti awiri?

Tsikulo ndinakwera minibasi ya 5 koloko m'mawa, m'mimba muli pululu monga anandilamulira. Anandiveka chovala chobiriwira chotseguka kumbuyo chija. Nthawi ya 11:40 dokotala wina wachinyamata anayang'ana deti ya pa lipoti, napukusa mutu.

"Amayi, ichi n'chakale. Matendawa asuntha. Mukajambulitsenso."

Ulendo wachiwiri tinagulitsa njinga ya bambo. Makina omwewo, Lachitatu lomwelo, kudikira komweko. Nditabwerera kwa kalaliki anandizindikira.

"Mwabweranso eti? Pajatu munaphonya tsiku lanu. Ophonya amayambira kumapeto."

Ndinaphonya ine? Ine amene ndinakhala pabenchi yawo maola anayi, msana uli pamtunda? Anandionetsa m'buku mwake, malo a dzina langa alembapo kuti sanachitidwe. Anati bukulo lilibe mzere wolembapo chifukwa. Miyezi itatu ina. Tsikulo litakwana anandibwezanso, mawu ake omwewo.

Pano mkono wakumanzere sukwera. Ndimalembera dzanjali, choncho masamu ndikulemba theka la m'munsi la bolodi. Ana akumbuyo amachita kuimirira kuti aone.

Lolemba lapitali ndinaumirira mpaka ndinaonana ndi dokotala woyamba uja. Anandivula n'kuyang'ana berelo. Khungu lakhakhala ngati khoko la lalanje, m'khwapa mwatuluka mwanabere. Ndinamuuza kuti asadandaule, bambo akutsatsa ngolo kuti tijambulitse kachitatu.

"Ngoloyo asagulitse, amayi," anatero motsitsa mawu. "Chithunzi sichikufunikanso. Zayamba kuoneka ndi maso. Pano mpeni suthandiza, tiyambe ndi mankhwala a m'diripu."

Ndiye ndikufunsa akuluakulu a chipatala. Ndani anakonza kuti chithunzi chizikalamba msanga kuposa mzere wa ku fiyeta? Kodi wojambula, wowerenga ndi wolemba masiku anayamba akhalirana pansi? Kapena ndife odwala amene tiziwadziwitsa kuti amagwira ntchito imodzi? Sindikufuna chipepeso. Ndiyankheni.

Amayi anzanga a ku Kabudula, Nambuma, Msundwe: bere likalimba, musamvere zothowa, ngakhale mulibe chotupa. Ndipo musagulitse kanthu, musajambulitse, tsiku la opaleshoni lisanalembedwe ndi inki m'buku lanu la kuchipatala. Mwina inu zingakuthandizeni. Ine ndadziwa mochedwa.

Potuluka ndinadzera pawindo la kalaliki yemwe uja kukalembetsa tsiku loyamba mankhwala. Kalaliki ananyowetsa chala, natsegula buku. Miyezi iwiri kutsogolo.