Dzanja langa pakamwa pa apongozi

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo wofuna kutsutsa apite ku Lifidzi akafunse, ngakhale ambiri amene ankaidziwa anatsogola kale. Dzina la munthu sinditchula.

Inali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija, mwezi wa Junyu, pamene chisanu cha kwathu chimawaula masamba a mbatata. Ine ndinali mtengwa watsopano kwa Angoni, ndipo ndinali ndi chizolowezi chimene airima, masisitere a ku mishoni aja, anatilowetsa mokakamiza, chosamba madzi ozizira m'mamawa. Apongozi anga aakazi ankadana nacho, ankati ndidzauma mimba, ng'ombe za malowolo za mwana wawo zidzapita pachabe. Ine ndinkangoti inde amayi, mawa lake ndili kumtsinje. Ndinabadwa wamakani, nanga ndibisirenji?

Tsiku limenelo tinapitira limodzi kukachapa. Dzuwa lisanatenthe tinamva mfuti kumudzi, kenako mawu a amuna akutsika ndi njira yomwe ife tinadzera. Kothawira kunalibe, poti minda inali itakololedwa, paliponse pali poyera. Ndinakankhira zochapa m'bango, n'kuwagwira apongozi pamkono, n'kulowa nawo m'dziwe mpaka m'khosi.

Inu amene simunalowepo m'madzi otero, dziwani kuti akakufika pachifuwa thupi silikufunsa. Mpweya umadzikoka wokha, mtima umagunda ngati musi mu mtondo, umapuma mwawefuwefu usanathamange n'komwe. Ine ndinkadziwa kuti zimenezo zimadutsa ukapirira pang'ono n'kumatulutsa mpweya mosafulumira. Koma apongozi, amene moyo wawo wonse ankasamba otenthetsa, maso anali tong'o, pakamwa yasa, atatsala pang'ono kukuwa. Amuna aja anali atafika kale pa dooko.

Kumene ndinakwatiwako mtengwa sawayang'ana apongozi m'maso, amalankhula atagwada. Ine ndinawatseka pakamwa ndi dzanja, mphuno ndinasiya, mkono winawu ndinawakoleka m'khosi ngati mbuzi. Anandiluma mpaka magazi. Ndinawanong'oneza kukhutu kuti, "Amayi, lumani, koma mawu asatuluke. Pumirani m'mphuno."

Nsapato za amuna aja ndinkaziona pakati pa bango. Anamwa madzi, wina anayatsa fodya, anakhala pansi n'kumacheza ngati anthu ochokera kumunda. Apa mpamene panabwera chimene chimandiopsa mpaka lero, kuposa mfuti zija. Mantha anandithera. Mtima unayamba kugunda mwaulesi, kuzizira sindinkakumvanso, ndinamva kukoma ngati ndagona pamphasa padzuwa, tulo n'kuyamba kundinyengerera. Zala zinaleka kundimvera. Mutu wa apongozi unayamba kuwerama kulowa m'madzi, ndipo ndinkauchirikiza ndi phewa chifukwa manja anali ngati a munthu wina. Ndinadziluma lilime kuti ndisagone, ndili ndi mkwiyo wosaneneka. Zoona ndifere m'madzi olekeza m'khosi, ine?

Atachoka tinatuluka chokwawa, ndipo kunjenjemera kwenikweni kunatigwira tili kumtunda, mano akuombana. Ndinawavula apongozi zonyowa ndi manja ouma gwa, ndinawafunditsa makapulana, zitenje zija, amene tinali tisanachape, n'kuwakumbatira mpaka anayamba kulankhula. Mawu awo oyamba anali akuti ndine mwana wopanda mwambo.

Ku Dedza kumene tinathawira, abale a amuna anga anakhala pansi n'kugamula kuti ndigwade ndipepese, poti ndinagwira apongozi pakamwa, n'kuwavulanso. Amuna anga anandichonderera kuti ndingochita, nkhani ithe, nanga kugwada kumathyola mwendo? Ndinakana. Ndinawauza kuti ndagwadira zambiri pakhomo pawo ndipo ndidzagwadabe, koma sindingapepese chifukwa chakuti munthu ali moyo. Apongozi sanandilankhulenso bwino mpaka anamwalira ndi ukalamba, ndipo zinkandipweteka, sindinama.

Lero ndimakhulupirira kuti m'dziwe lija munalibe mzimu kapena ufiti. Madzi ozizira amangolilamula thupi kawiri, poyamba amalikuwitsa, kenako amaligoneka, ndipo kugonekako ndiko kumene kumapha. Ndimasambabe ozizira, koma mwachangu, ndipo dziwe sindilowa ndekha. Inu mukadzamva kukoma m'madzi a Junyu, tulukani msanga. Ndipo mukadzapulumutsa munthu musadikire zikomo. Wanga anandinyanyala zaka zonse zija, ine n'kumamuphikira mosangalala, chifukwa wakufa sanyanyala.