Lipenga Silinalowe M'manda

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kudzinamiza, chifukwa pa siwa munthu sagona, amangotsamira khoma. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, ena akuwodzera korona ili m'manja. Nyali inali pafupi kuzima kumutu kwa alongo anga. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Anagona ngati munthu woti wamaliza ntchito zake zonse, pomwe ine ndinkadziwa kuti anasiya imodzi, ndipo imodziyo inali yokhudza ine.

Nkhani yake inali ya munda. Amayi athu anatisiyira munda wosalala kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa msewu wopita ku Nsaru. Alongo angawo, poti ndiwo anali mwinimbumba, anaubwereketsa kwa anthu a ku koleji ya pa mishoni, kumene anyamata ankaphunzira uphunzitsi, kuti azisewerapo mpira, chifukwa bwalo lawo linali lamiyala. Ankati n'kwa kanthawi chabe. Kanthawiko kanakula mpaka pamundapo panamera mitengo ya zigoli. Tsopano mwana wanga wamkazi anali atakwatiwa, amuna ake atabwera kudzakhala nafe chikamwini, iye ali ndi pakati, ndipo banjalo linalibe polima. Alongo anga ali chigonere anandilonjeza kuti mvula isanagwe akauza a ku kolejiwo kuti azule mitengo yawo. Anamwalira asanakawauze. Mawuwo ndinawamva ndekha, popanda mboni.

Nditatuluka ndinapeza amayi a m'mudzi atakoleza kale moto kuseri kwa nkhokwe. Mafuwa anali atandandalika mpaka kukhola, wina akusadzula masamba, wina akudandaula kuti nkhuni n'zaziwisi. Unali mwezi wa Okutobala. Ngakhale m'bandakucha womwewo mphepo inali yofunda, yonunkha lupsa, ndipo aliyense wobwera kuchokera kuchitsime ankayang'ana kumwamba asanatule mtsuko.

Amene simunawadziwe alongo anga, mwina lipenga lawo munalimvapo. Linali la nyanga ya ng'ombe, lomanga ndi kachingwe kachikopa. Iwo mpira sanaumenyepo, mwendo wawo wamanzere unali wotsimphina, ndipo kuwerenga sankadziwa. Koma bwalo lija ankalidzaza ndiwo. Lachisanu lililonse ankapalasa njinga mudzi ndi mudzi, mpaka cha ku Kabudula, akuliza lipengalo. Mudzi uno ankauza anthu kuti a tsidya lija akuti inu mumaopa dzuwa, akafika tsidyalo n'kunenanso zomwezo za a kuno. Pobwera, njinga inkalemera ndi mtedza, mazira ndi nkhuku zoti anyamata a mpirawo adye. Aliyense wopereka kanthu ankamukhazika pa benchi, pamthunzi, ndipo osewera akamapuma alongo angawo ankamuitana ndi mfunda wake anthu onse akumva. Munthu wopereka nkhuku imodzi ankabwerera kwawo akuyenda ngati wapereka ng'ombe. Ine mpirawo sindinaukondepo. Amuna athunthu kuthamangitsa chikopa pa nthaka yoti ikanadzaza nkhokwe ziwiri, zinkandiwawa, ndipo alongo anga ankadziwa.

Dzuwa likutuluka, ngolo ya ku koleji inafika. Inanyamula bokosi, matumba awiri a ufa ndi mabenchi. Patsogolo pake pankayenda aphunzitsi amene ankayang'anira za mpira, munthu wamtali, wovala malaya oyera opanda khwinya. Anagwada patali, anapepesa alamu anga, akazi a malemu, anapepesanso ine, mawu ali pansipansi. Ulemu wawowo ndi umene unandiopsa. Zinali zaka za Chitaganya, pamene munthu aliyense wobwera ndi ulemu wambiri tinkayamba taganiza za minda yathu. Ndipo m'thumba la malaya awo munkaoneka nsonga ya pepala.

Bokosilo linali lokongola, la matabwa opala bwino, losalala ngati tebulo la kutchalitchi. Ambiri kwathu tinkaikidwabe m'mphasa masiku amenewo, choncho anthu ankabwera kudzalisisita. Ine ndinangodzifunsa mumtima kuti munthu ukamuika m'matabwa a eni ake, mawa ukawauza bwanji eni akewo kuti choka m'munda mwanga.

Pofika nthawi yoti ng'ombe zituluke m'khola, anthu anali atayamba kusefukira. Ankabwera m'magulumagulu, ena wapansi, ena panjinga, a ku Mpingu, a ku Nambuma, ena ochokera kumidzi yomwe sindinaipondepo. Chibadwire sindinaonepo maliro a munthu wamba odzaza chotero. Mabenchi aja anaikidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawazindikira, anali omwe aja a kubwalo la mpira. Amene anakhalapo ndinawazindikiranso: mwini sitolo amene ankapereka nsalu ya malaya a osewera, kalaliki wa kumsika wa fodya, ndi amuna ena a nkhuku aja. Aphunzitsi ankawalandira mmodzimmodzi, n'kuwakhazika monga momwe ankakhalira Loweruka, tsiku la mpira. Abale enieni a malemu anakhala pansi, pafumbi. Ndinakoka mwana wanga n'kumunong'oneza kuti asachotse maso pa aphunzitsiwo.

Amuna a mwana wangayo anali pa ntchito chiyambire usiku, kuwaza nkhuni, kunyamula mitsuko ikuluikulu, kuthamangira uku ndi uku monga achitira mkamwini pa maliro. Aliyense ankangowakodola kuti, akamwini, tabwerani. Ine ndi iwo timatchulana apongozi, ndipo mwa mwambo wathu sitiyang'anana kumaso, sitilankhulana pamaso, tikakumana panjira wina amapatuka. Mawu athu amadutsira mwa mwana wanga. Masabata awiri m'mbuyomo ndinawatumizira khasu latsopano kudzera mwa iye, kuti aseme mpini, akonzekere kugalauza munda uja. Tsiku la malirolo ndinaona aphunzitsi akuwathandiza kusenza chipika, malaya oyera aja ndithu, kenaka anaima kanthawi kuseri kwa khola akulankhulana. Sindinaganizepo kanthu. Maso anga anali pa pepala lija.

Ndinapita kwa amalume athu, mwamuna yekhayo wamkulu amene anatsala m'banja mwathu, poti mwana wanga wamwamuna anali ku Joni. Iwo ndiwo ankayenera kulankhula kumanda. Kumanda mawu akanenedwa pagulu, osayankhidwa, ndiye kuti avomerezedwa, ndipo mkazi kumeneko salankhula. Ndinawafuulira m'khutu kuti akangomva mawu oti munda kapena bwalo, akane pomwepo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti amva. Amalumewo makutu anawathera kalekale, ndipo ngakhale uwauze kuti ndevu zawo zikupsa amayankha kuti amva.

Asanakhome bokosi, ndinatsitsa lipenga pakhoma kuti ndiwaikire alongo anga pambali. Chinali chinthu chawo, ankagona nacho pafupi kuposa mkazi, ndipo kunena zoona ndinkafuna lipite nawo, lisadzamvekenso. Alamu anga anandigwira dzanja. Anati aphunzitsi apempha kuti liyende pamwamba pa bokosi anthu alione, likalowa kumanda konko. Mtima wanga unakana. Koma sindikanakangana ndi mfedwa pamutu pa mwamuna wake, ndiye ndinalisiya.

Adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha dzuwa lili pamutu. Tinanyamuka kukutentha koti nthaka inkawotcha kuphazi. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana. Njira ya kumanda imadutsa m'mbali mwa munda uja, ndipo titafika pamenepo anyamata a ku koleji, atavala malaya awo a mpira, anapempha adzukulu kuti anyamuleko. Anawalola. Anayenda nalo bokosilo pang'onopang'ono, n'kuima moyang'anana ndi mitengo ya zigoli. Nyimbo inaleka. Ena mwa anyamatawo ankalira zenizeni, zimenezo sindingawanamizire. Ine ndinkayang'ana nthaka ya amayi anga, yoguga ndi mapazi, yolimba ngati pabwalo popunthira mapira.

Kumanda akatekisiti anatsogolera mapemphero. Amalume analankhula zochepa, anathokoza anthu, n'kukhala pansi. Kenaka aphunzitsi anaimirira, dzanja lawo linapita kuthumba. Anatambasula pepalalo. Munali mayina a midzi basi, midzi yonse imene alongo anga ankafikako ndi njinga. Ankatchula umodziumodzi, ndipo anthu a mudzi wotchulidwawo ankang'ung'udza movomera. Za munda sanatchule. Za bwalo sanatchule. Anapinda pepala lawo n'kulibweza m'thumba, ine n'kupuma, mpaka ndinachita manyazi kuti ndamuganizira zoipa munthu wosalakwa.

Adzukulu atagwira zingwe kuti atsitse bokosi, aphunzitsi anawerama n'kunyamula lipenga lija.

"Abale," anatero, "ichi tikachikwirira lero, Loweruka lathu latha. Mwini wake weniweni, mwana wa mlongo wawo, ali ku Joni. Kodi pakhomo pano palibe mwamuna woti atisungire mpaka adzabwere?"

Sanadikire yankho. Anatembenukira kumbuyo kwenikweni kwa gulu, kumene kunaima apongozi anga, thukuta ndi phulusa zili thupi lonse.

"A Mwale, inu miyendo muli nayo, mawu muli nawo. Eti abale, tiwapatse a Mwale?"

Anawaitana ndi mfunda wawo, monga momwe alongo anga ankachitira ndi anthu a pa benchi. Gulu linapatuka. Apongozi anga anadutsa pakati, anagwada, n'kulandira lipengalo ndi manja awiri. Anthu anawomba m'manja mwaulemu. Mwini sitolo ananena mokweza kuti nsalu ya chaka chino apereka, wina anati mbuzi, wina thumba la mtedza, pamanda pomwepo, dzenje lili chitsegukire. Ndinayang'ana amalume. Nawonso ankawomba m'manja, poti mawu oti munda sanawamve, ndipo ulendo uno sanalakwe, mawuwo sananenedwe. Ndinafuna kufuula. Koma ndinali mkazi kumanda, ndipo munthu woti ndimufuulire anali mpongozi wanga, amene sindikanamuitana ngakhale nyumba ikupsa. Ndinangoluma nsonga ya nsalu yanga, amayi a pambali panga n'kumandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira alongo anga.

Tsiku lonse ndinalondera munda, osadziwa kuti iwo sanabwerere munda. Anabwerera munthu woti aulime. Wolima atakhala woliza lipenga, angagalauze bwanji bwalo lomwe akuitanira anthu?

Titabwerako anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika msanga poopa mitambo. Ngolo ya ku koleji inapakira mabenchi ake. Aphunzitsi anabweranso kudzagwada, anapepesanso ndi mawu awo ofewa aja, ndipo ine ndinayankha monga mwa mwambo, maso ali pansi. Dzuwa likulowa, pakhomo panatsala ife eni ake ndi achibale ochepa odikira tsiku lometa. Moto wa kuseri kwa nkhokwe unali utasanduka phulusa. M'nyumba ya alongo anga munali zii, pakhoma pakuoneka msomali wokha.

Ndinakhala m'kati mwa nyumba yanga, mwana wanga pakhomo, amuna ake panja kuseri kwa khoma. Ndinamuuza kuti awafunse apongozi kuti mpini wa khasu lija wafika pati. Anafunsa. Kenaka ndinamva mawu awo, akulankhula kwa iye koma mokweza kuti ndimve.

"Uwauze amayi kuti munda suthawa. Chaka chino tipempheko kadimba kwa ena, chaka chamawa tidzaona."

Amenewo anali mawu a alongo anga enieni, omwe ndinawamva chaka ndi chaka. Ndinamuuza mwana wanga kuti awakumbutse kuti mwana ali m'mimbayo adzabadwa miyezi ya njala. Sanawauze. Anangotembenukira kwa ine n'kulankhula motsitsa.

"Amayi, chibwerere m'mudzi muno, palibe anawaitanapo ndi mfunda wawo. Lero ndi loyamba."

Zinali zoona, ndipo zinandipweteka kuposa chinyengo cha aphunzitsi. Munthu tinakhala naye miyezi yonseyi, akutitungira, akutiwazira nkhuni, ndipo mlendo wa malaya oyera ndiye anaona chimene ankasowa.

Madontho oyamba a chizimalupsa anayamba kugwa padenga, fungo la dothi n'kulowa m'nyumba. Ndinasuzumira panja. Apongozi anga anali atakhala pakhonde pawo, atandifulatira, akupukuta lipenga ndi nsonga ya malaya awo. Khasu lija linali pomwe linaikidwa tsiku loyamba, pafupi ndi mtondo, lopanda mpini, mvula ikuligwera. Ndinadikira mpaka iwo atalowa m'nyumba, kuti tisakumane. Kenaka ndinatuluka, ndinalitola, n'kulilowetsa kwanga kuti lisachite dzimbiri.