Maliro a Meshack Opanda Mtembo

Ku Kambombo Damaris amadziwika ndi njinga yake yopanda mabuleki komanso nthochi zomwe amagulitsa pachipatala tsiku la sikelo. Ndi mayi wansangala, koma mukangomutchulira dzina la mlamu wake Abel, nkhope imagwa.

Mwamuna wake woyamba, Meshack, anakantha mnzake ndi mpini pa mkangano wa malire a munda, munthuyo n'kufa. Khoti linagamula kuti anyongedwe. Damaris analumbira pamaso pa apongozi ake kuti malinga Meshack akupuma, iye sachoka pakhomopo. Analimadi dimba la mwamuna wake yekhayekha, mwana ali kumsana, chimanga n'kumacha bwino lomwe.

Yemwe ankapita kukamuona kundende ku Kabwe anali Abel, mkulu wake wa Meshack, poti ndiye ankadziwa Chingerezi ndi mabasi. Tsiku lina anabwerako atazolika. "Zatha, mlamu. Amunyonga, ndipo mtembo boma silipereka."

Analira maliro opanda mtembo. Damaris anametedwa mpala, zovala za Meshack zinagawidwa, ndipo mwambo utakwana anamusudzula kuti abwerere kwa makolo ake. Dimba lija linagwera m'manja mwa Abel, yemwe pamaliropo anabuma kuposa aliyense. Patapita zaka Damaris anakwatiwa ndi Friday, bambo wofatsa, n'kubereka naye ana awiri.

Chilango chonyonga chitathetsedwa m'Zambia, namwino wina wochokera ku Ndola, Barbara, ankacheza ndi amayi pasikelo. Anati mabungwe omenyera ufulu wa anthu, akuno ndi akunja omwe, analimbana nacho kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti kuyambira 1997 palibe yemwe ananyongedwa.

"Asisita, bwerezani," anatero Damaris. Chaka chimenecho Meshack n'kuti ali mwana wasukulu.

Nthochi anazisiya pomwepo. Anakamupeza Abel m'dimba muja akuthirira.

"Alamu, m'bale wanu ali moyo?"

Abel ndowa sanaitule n'komwe. "Manje munthu woyembekeza chingwe ni wamoyo? Ine nenze kukumasulani, mlamu. Mukanakalamba na kuyembekeza."

Anthu ena manyazi alibiretu. Damaris mtima unamupweteka kuposa tsiku la maliro lija. Analira munthu wamoyo, anaswa lumbiro lake osadziwa, ndipo kunyumba kunali Friday, wosalakwa, akumudikira ndi ana.

"Nanga iye munamuuza chiyani za ine?"

"Ninamuuza kuti munakwatiwa."

"Liti?"

Abel anayang'ana kumbali. "Ulendo womwe uja ninabwera na uthenga wa maliro."

Ndiye kuti pamene Damaris ankaweramira lumo, Meshack anali m'ndende akumuyesa mkazi wothawa. Abel anatunganso madzi, n'kunena osamuyang'ana:

"Ngati mufuna, kwerani basi. Mukamuuze kuti ninanama, kuti simunakwatiwe."